Matumba Khumi ndi Anayi Kuseri kwa Chitseko

Chaka chimene mvula inadula mu Januwale, amayi anga anamwalira akudya kamodzi patsiku m'nyumba imene munali matumba khumi ndi anayi a chimanga. Matumbawo anali m'chipinda cha kumbuyo kwa nyumba yathu ku Libuyu, m'tauni ya Livingstone, mapazi asanu ndi limodzi kuchokera pamene iwo ankagona. Chitseko chinali chokhoma, kiyi ili ndi azakhali anga. Ine ndine mtolankhani wolipidwa nkhani ikatuluka, ndipo miyezi yonseyo ndinkalemba za njala ya anthu ena.

Okutobala

Atate anamwalira sabata yachiwiri ya mweziwu, kutentha kwa Livingstone kuli pachimake. Anali Mtonga wobadwira m'tauni, mwana wa munthu wa ntchito za njanji. Atapuma pa ulonda ku hotela ina kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, anayamba kulima munda kunja kwa tauni, njira ya ku Kazungula. Chaka chapitacho anakolola matumba makumi awiri. Pofika tsiku la imfa yawo tinali titadya asanu ndi limodzi.

Anali ndi chizolowezi chimodzi chimene sankaphonya. Novembala aliyense ankatulutsa matumba onse pabwalo, kukhuthulira chimanga pa tenti, kuthiramo kachiwiri mankhwala ophera anankafumbwe, nkusokanso. Botolo la mankhwala a chaka chimenecho anali atagula kale. Linali pawindo la chipinda chomwecho.

Titaika maliro, tsiku lachitatu, kunabwera mlongo wawo wamkulu wa atate, ba Esita, amene tonse timawaitana ba Anti. Anachokera kwawo ku Linda ndi loko yatsopano m'chikwama. Ndinene msanga kuti ba Anti si wakuba. Amasoka mayunifolomu a sukulu, ndi mtsogoleri wa amayi ku tchalitchi kwawo, ndipo pa matumba onsewo sanatengepo ngakhale njere imodzi. Ndikutero chifukwa anthu ena ku Libuyu anayamba kunena zina.

Anatiuza kuti pa mwambo wa kwathu, chakudya chimene womwalira analima ndi manja ake sichikhudzidwa kufikira m'bale wake wamwamuna atabwera kudzalowa dzina ndi kugawa katundu. Wodya chisanamasulidwe amatupa mimba, ndipo mzimu umakakamira mkazi wamasiye. M'bale woyenerayo anali ba Joramu, mng'ono wawo wa atate, amene anali atangolembedwa ntchito ku migodi ya ku Solwezi. Ku maliro sanabwere. Tchuthi chawo choyamba chinali cha mu Julayi.

Amayi anali a ku Chipata. Anakhala pa ukwati pakati pa Atonga zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo lamulo lawo linali limodzi: mwambo wa eni ake sufunsa, umangotsata. Anayankha mwakachetechete kuti iwo ndi obwera, ba Anti achite mmene amachitira kwawo. Ba Anti anakhoma, nkumanga kiyi pa ngodya ya chitenje.

M'nyumbamo tinatsala anthu asanu: amayi, ine, mlongo wanga Mutinta amene ankachapa zovala pa loji ina, ndi ana ake awiri. Kukhitchini kunali ufa wokwana theka la thumba.

Novembala

Cholakwa choyamba tinachiona mitambo itayamba kusonkhana. Mbewu ndi makasu zinali m'chipinda chomwecho. Makasu tinabwereka kwa mnansi wathu ba Mundia, wa mtundu wa Alozi, wosema mvuu ndi njovu zamatabwa zogulitsa kwa alendo ku mathithi. Mbewu tinachita kugula, mochedwa, imene ena anali atasankhapo kale.

Ndinakumbuka botolo lija. Ndinakwera basi kupita ku Linda kukapempha kuti titsegule m'mawa umodzi wokha, tithire mankhwala, tikhomenso. Ndinawapeza ba Anti ali pa makina, mapini ali kukamwa. Anawalavulira m'dzanja.

"Iwe Milimo, manyuzi yakusokoneza mutu," anatero. "Chitseko chija ni cha atate ako. Uzagogoda kuti akuyankhe ndani?"

Ndinati nanga bwanji tiwaimbire ba Joramu. Anati nkhani za mizimu sizikambidwa pa foni ngati ukuitanitsa malasha.

Ba Joramu ndinawaimbira ndithu, katatu m'nyengo yonseyo. Ulendo uliwonse ndinkafunsa kuti abwera liti, iwo nkuyankha kuti Julayi, nkufunsa ngati onse ali bwino, ine nkuti tili bwino. Za chimanga sindinatchule. Ndinkaganiza kuti akudziwa, popeza mwambowo unali wawo. Ntchito yanga yonse yagona pa kufunsa funso lachiwiri. Kwathu sindinalifunse.

Disembala

Mvula inabwera mochedwa koma inagwa bwino. Tinadzala sabata yoyamba, ndipo pofika Khirisimasi chimanga chinali m'mawondo, chobiriwira. Ufa wa kukhitchini unatha, tinayamba kugula. Sitinadandaule kwambiri. Tinkawerengera kuti mu Malichi tidzakhala tikuotcha chachiwisi, ndipo matumba a atate adzangokhala ngati nkhokwe yapadera.

Januwale

Mvula yomaliza yolowa pansi inagwa pakati pa mweziwu. Kenako kumwamba kunangoti mbee. Masana mitambo inkabwera kuchokera ku Zimbabwe, kuima pamwamba pa tauni, nkubwerera. Masamba a chimanga anapindika ngati a anyezi.

Mtengo wa ufa unkasintha sabata iliyonse. Pa masitolo akuluakulu anthu ankandanda dzuwa lisanatuluke, ndipo aliyense ankaloledwa thumba limodzi, likapezeka. Ambiri tinagwera pa pamela, timapepala tapulasitiki ta ufa wophika kamodzi timene amagulitsa pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu. Mtengo wa pamela sunkakwera msanga. Kankachepa ndi kapepalako.

Mphekesera zinali zambiri kuposa ufa. Ena ankati malole akuolotsa chimanga chathu pa malire a Kazungula. Ena ankati kukubwera ufa wachikasu wofooketsa amuna. Zimenezi ndinkazifufuza, kuimbira anthu atatu pa mphekesera iliyonse, nkulemba zimene ndapeza. Alendo ku mathithi atachepa, ba Mundia anasiya kusema nkupita kukasodza kumtunda kwa Zambezi. Amayi a nyumba yoyang'anana nafe anayamba kugulitsa mabuyu, zipatso za mlambe, ndi lusala, mizu ya kutchire ija. Mutinta anauzidwa kuti azibwera ku loji kawiri pa sabata.

Tinasiya chakudya cha m'mawa. Mwezi usanathe tinasiya ndi cha masana.

Febuluwale

Magetsi anayamba kuzima nthawi yaitali, ndipo tinazolowera nyumba yopanda phokoso la firiji kapena wailesi. Masana ena kuli zii, mwana wamng'ono wa Mutinta anati kukugwa mvula. Tinathamangira pakhomo. Kunja kunali dzuwa lokhalokha. Phokosolo linkachokera kuseri kwa chitseko chokhoma, laling'ono, losalekeza, ngati mawawa pa malata.

Ba Anti atabwera Loweruka, atatitengera pamela awiri ndi kapenta m'kapepala, anaika khutu pa chitsekocho. Nawonso anali ataonda, diresi likungolendewera. Anamvetsera, misozi nkuyamba kutsika, nkunena kuti mlongo wawo akali kuyendayenda pakati pa chimanga chake, tisamusokoneze. Pansi pa chitseko panayamba kutuluka kafumbi koyera. Amayi ankakasesa m'mawa uliwonse.

Ine ndinadziwa kuti ndi anankafumbwe. Ndinanena. Ba Anti anati akhale anankafumbwe kapena ayi, iwo alibe mphamvu yomasula chimene si chawo.

Amayi anali ndi matenda a shuga. Ku kiliniki anawauza momveka kuti mapiritsi aja asamamwe m'mimba mulibe kanthu. Madzulo tikagawa chakudya, iwo ankati adya kale kwa mnzawo wa ku tchalitchi, gawo lawo nkukankhira kwa adzukulu. Ndinapita kukawafunsa mnzawoyo. Anadabwa. Anati amayi amafika, kumwa madzi, kucheza, nkubwerera.

Sabata yachitatu anagwa pa mpopi atanyamula ndowa. Anagona kuchipatala masiku awiri. Tsiku limene anatuluka, ndinakatenga hamala kunyumba kwa ba Mundia. Pobwera ndinapeza amayi atakokera kampando pa chitseko chija, atakhala, msana atatsamira pa thabwa.

"Milimo, ika hamala pansi."

"Amayi, muli chakudya umu."

"Ndidziwa. Ndine ndimasesa ufa wake." Anapuma kaye, mpweya unali wochepa. "Ukaswa, mwana wa Mutinta akadwala ngakhale chimfine, adzati chiyani? Adzati mkazi wa ku Chipata anadya mwamuna wake, manje wayamba adzukulu. Zaka zonsezi abale a atate ako sananditchulepo kanthu. Sindiyamba lero."

Ndinati mlandu ukhale wanga. Anati mlandu wa m'nyumba ya wamasiye sugwera mwana.

Ndinaima pamenepo mphindi zingapo. Kuti ndifike pa loko ndinayenera kuwanyamula amayi anga, odwala, nkuwachotsa pa mpando. Ndinaika hamala pansi.

Malichi

Munda unauma uli chiimire. Chimanga chinamasula ngayaye chisanafike m'chiuno, chopanda kanthu. Mapesi amene anatsala anadzamalizidwa ndi njovu zochokera ku paki ya nyama zakutchire, usiku umodzi wokha. Mutinta anakayang'ana nkubwera ndi zithunzi za mapazi a njovu pa foni.

Pakati pa mwezi kunabwera achinyamata awiri a gulu lina lothandiza, akulemba maina a nyumba zofunika ufa waulere. Ankayamba ndi amasiye ndi odwala. Amayi anali zonse ziwiri. Ine ndinali nditapita kumidzi ya ku Kazungula kukalemba za mabanja amene ankadya zipatso za kutchire, choncho zimene zinachitika anandiuza Mutinta.

Pa fomu panali funso lakuti m'nyumba muli chakudya chochuluka bwanji. Amayi sankanama, ngakhale kwa wogulitsa tomato. Anati matumba khumi ndi anayi. Mtsikana wolembayo anaseka, akuyesa nthabwala za akuluakulu. Amayi anamulozera chitseko, nkufotokoza za mwambo. Mtsikanayo anayang'ana mnzake, nkunena mwaulemu kuti pa fomu palibe malo olembapo zimenezo. Dzina lathu silinatuluke. Sindiwaimba mlandu. Analemba zimene anauzidwa, ndipo zinali zoona.

Nkhani yanga ya ku Kazungula inatuluka pa tsamba lachitatu.

Epulo

Amayi anamwalira Lachiwiri m'mawa, sabata yoyamba ya mweziwu. Pa pepala la kuchipatala analemba shuga. Sindine dokotala ndipo sindinganene kuti njala ndiyo inawapha. Ndinganene zimene ndinaona: mphete yawo ya ukwati inali itayamba kuvuka yokha, ndipo ankaimanga ndi ulusi.

Ba Joramu anafika Lachinayi masana pa basi ya ku Lusaka. Anati maliro a akulu awo anawaphonya, a alamu awo sangawaphonye, ntchito ithe ngati ikutha. Ndi munthu wonenepa, wolankhula mokweza, ndipo anali atavala jekete ya ku migodi pa dzuwa la Livingstone. Mosiyana ndi atate ndi ba Anti, iwo analeredwa kumudzi kufupi ndi Kalomo, kwa agogo awo, mpaka atakula.

Pabwalo panali anthu oposa makumi asanu. Amayi ophika anali atangobwera kudzanena kuti ufa umene anansi anasonkha sufika madzulo. Ba Joramu anamuyang'ana Mutinta kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Imwe ana, mwaonda bwanji so? Chimanga cha akulu anga munagulitsa? Ananiuza okha pa foni kuti anakolola matumba twente."

Ba Anti anaimirira pakati pa amayi a tchalitchi. Anamasula ngodya ya chitenje, nkuyenda mpaka pamene panali ba Joramu, nkugwada, kiyi ili m'manja awiri. Nkhope yawo inali ya munthu amene wasunga chinthu movutika ndipo tsopano akuchipereka chathunthu. Anati zonse zilipo, palibe anakhudza, tinali kuyembekeza iwo.

"Kuyembekeza ine? Kuti nichite chani?"

Ba Anti anafotokoza, mawu omwe aja a mu Okutobala. Ba Joramu sanalandire kiyi. Anayang'ana ine, nkuyang'ana ana a Mutinta, nkuyang'ana kuchipinda kumene kunali bokosi la amayi. Mawu awo anatsika kwambiri moti amene anali kumbuyo anachita kuyandikira.

"Ba Esita, mwambo uyu munaupeza kuti?"

Ba Anti anati anauona ndi maso awo. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anapita kumudzi ku maliro a agogo awo aamuna. Anaona amuna akumanga khomo la nkhokwe ndi luzi. Iwo atagwira luzilo, agogo aakazi anawamenya dzanja nkuwauza kuti chakudya cha womwalira sichikhudzidwa, angatupe mimba. Sanaiwale.

Ba Joramu anafunsa kuti ku Livingstone anabwerera liti. Ba Anti anaganiza pang'ono. Anati mawa lake ataika maliro, pa sitima, chifukwa sukulu inali yotsegula.

"Mukanakhala masiku yabili chabe," anatero ba Joramu. "Nkhokwe timamanga pa maliro, kuti alendo asazitapamo aliyense. Anthu akabalalika timamasula. Ine namangapo kanayi, namasulapo kanayi. Choyembekeza ine ni dzina, nkhwangwa na khasu. Chakudya? Manje ana a womwalira azadya chani?"

Amayi ena a tchalitchi anagwira pakamwa.

Mutinta anatenga kiyi m'manja mwa ba Anti nkutsegula loko. Chitseko chitakankhidwa, munatuluka fungo la chuku ndi tizilombo touluka. Matumba anali atafwafwanyika ngati mitsamiro yakale. Pansi ponse panali poyera. Ba Joramu anang'amba thumba lapamwamba nkulowetsa dzanja mpaka m'chigongono. Anatulutsa fumbi lotuwa likuyendayenda lokha. Anayesa lachiwiri, lachitatu. Pawindo panali botolo la mankhwala lija, chivindikiro chake chisanathyoledwe.

Ba Anti anakhala pansi pakhomo pomwepo, pa fumbilo. Sanalire. Anangonena kamodzi, osayang'ana munthu: "Palibe ananifunsa."

Zinali zoona, ndipo ine ndinali mmodzi wa amene sanafunse. Ndinawapempha kuti atsegule, ndinakangana nawo za anankafumbwe, koma sindinawafunse kuti mwambowo anaumva kwa yani.

Amayi tinawaika Lachisanu. Olira anadya ufa umene ba Joramu anakagula.

Maliro atatha tinapeta matumba onse. Zimene zinatsala sizinadzaze matumba awiri, ndipo zinali zoyenera nkhuku. Ndinatengako pang'ono m'kapepala kupita nazo ku msika wa Maramba, kwa bambo wina amene wagulitsa chimanga zaka zambiri. Anazifikisa m'manja, kuzinunkhiza, nkufunsa mwezi umene chinathiridwa mankhwala komaliza. Anati mu Januwale chambiri chinali chabwino. Mu Febuluwale, ngati theka. Ndinamufunsa za sabata yachitatu ya Febuluwale makamaka. Anati theka la matumba khumi ndi anayi ndi chakudya chambiri kwa anthu asanu.

Meyi

Kumunda tinakolola ndowa zitatu za tizitsononkho tokhala ndi njere zowerengeka. Ba Mundia anabwera kuchokera ku mtsinje ndi nsomba zouma, natigawirako. Dzina lathu linalowa pa mndandanda wachiwiri wa ufa waulere. Pa funso la chakudya chimene chili m'nyumba, Mutinta analembetsa kuti palibe.

Chitseko chija ba Joramu anachizula okha asanabwerere ku Solwezi. Mutinta amayanikapo ndiwo zamasamba. Ba Anti sanapondenso ku Libuyu kuyambira tsiku la maliro. Ndinakawaona kawiri ku Linda. Amasokabe mayunifolomu, koma utsogoleri wa ku tchalitchi anautula. Ulendo wachiwiri anandifunsa ngati amayi anawatchulapo asanamwalire. Ndinawauza zoona, kuti anawatchula kamodzi, pofunsa ngati ba Anti ali ndi chakudya kwawoko.

Chaka chotsatira mvula inagwa. Tinakolola matumba khumi ndi limodzi, ndipo ali m'chipinda chomwecho, chopanda chitseko, othiridwa mankhwala.

Mwambo wolowa dzina la atate sunachitike Julayi uja, popeza tchuthi cha ba Joramu chinathera pa maliro a amayi. Uchitika Loweruka lachiwiri la Julayi uno. Nkhwangwa ndi khasu tazikonza. Ba Anti atumiza mawu kuti adzabwera, ndipo afunsa ngati pali chimene angabweretse. Mutinta wayankha kuti abwere okha, loko asiye ku Linda.

Ba Joramu andiuza kuti ndidzakhale pafupi nawo ndi kope, ndilembe chilichonse chimene chidzachitike, chifukwa iwo ndi omaliza m'banja mwathu amene anaona mwambowu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mafunso ndalemba kale. Pa chilichonse chimene adzanene kuti chimamangidwa, ndidzafunsa kuti chimamasulidwa liti.